Nkhalamba za ku China m'Dziko la America ndi Nthenda ya Kuiwala

Mu mzinda wa Chicago, m'dziko la America, muli dera lotchedwa Chinatown, kumene anthu ochokera ku China anayamba kumanga masitolo ndi nyumba zao m'chaka cha 1912. M'menemo ndimo madokotala anayamba ntchito yaikulu m'chaka cha 2011, yofuna kudziwa za umoyo wa nkhalamba zimene zinabadwira ku China koma zikukalambira ku chilendo. Ntchitoyo, imene dzina lake ndi PINE, anaitsogolera Dr. XinQi Dong, ndipo anthu oposa 3,000 a zaka 60 kapena kupitirira anachezeredwa m'nyumba zao ndi kufunsidwa m'zinenero za kwao, monga Cantonese, Taishanese ndi Mandarin. Limodzi la mafunso akulu linali la nthenda ya kuiwala, imene madokotala amaitcha dementia.

Nthendayi si ukalamba chabe ai. Ubongo umaonongeka pang'onopang'ono, kotero kuti munthu amaiwala njira ya kunyumba kwake, maina a ana ake, ndipo potsiriza sathanso kudzisamala yekha. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linawerenga kuti m'chaka cha 2021 anthu 57 miliyoni anali nayo, ndipo ambiri a iwo anali ndi mtundu wake wotchedwa Alzheimer.

Anafika bwanji ku America?

Amuna a ku China anagwira ntchito yolemetsa pomanga njanji yodutsa America, imene inatha m'chaka cha 1869. Koma m'chaka cha 1882 Boma la America linaika lamulo lotsekereza antchito a ku China, ndipo lamulolo linakhalapo kufikira 1943. Khomo linatseguka kwenikweni ndi lamulo la 1965, limene linalola nzika kuitana abale ao. Chotero ana amene anapita kukaphunzira ndi kukagwira ntchito anayamba kuitana makolo, kawirikawiri kuti akalere adzukulu. Ambiri a makolowo anafika imvi zitamera kale, osadziwa Chingerezi, atasiya anansi ndi mabwenzi a moyo wao wonse.

Tsono sikuti mtundu wao uli wofooka pa nthendayi. Chiwerengero cha odwala a ku California chimene chinafalitsidwa m'chaka cha 2016 chinaonetsa kuti anthu ochokera ku Asia ndiwo anali kugwidwa nayo pang'ono koposa mitundu ina yonse. Kusiyana kuli pakati pa nkhalambazo zokhazokha. Ku Chicago kunaoneka kuti amene anasamuka atakula kwambiri sanakhoze bwino mayeso a chikumbukiro monga anzao amene anafika akali achinyamata, ndi kuti amene anazolowera chinenero ndi makhalidwe a dziko latsopano, ndiponso amene amasonkhana ndi anzao kawirikawiri, anakhoza bwino koposa. Kulephera mayeso otere sindiko kudwala, koma kumasonyeza amene ali pafupi ndi ngozi.

Zifukwa zake

Chifukwa choyamba ndicho sukulu. Akatswiri amene anasonkhanitsidwa ndi magazini ya madokotala ya Lancet ananena m'chaka cha 2024 kuti pali zinthu 14 zopeweka zimene zimautsa pafupifupi theka la nthendayi, ndipo kuchepa kwa maphunziro pa ubwana ndi chimodzi cha izo. Nkhalamba zambiri za ku China zinakula m'masiku a nkhondo ndi Japan, a njala yaikulu ya 1959 kufikira 1961, kapena a chipwirikiti cha 1966 kufikira 1976, pamene masukulu anasokonezeka. Mwana amene analandidwa sukulu nthawi imeneyo akulipira mtengo wake lero ali ndi zaka 70.

Chachiwiri ndicho kusungulumwa, kumene kulinso pa mndandanda womwewo pamodzi ndi kugontha, kukhumudwa, ndi kukhala osayendayenda. Gogo amene kwao anali kupita kumsika m'mawa uli wonse, ku America amatsala m'nyumba ana atapita ku ntchito. Sayendetsa galimoto, sawerenga zikwangwani za basi, ndipo adzukulu akayamba sukulu amamuyankha m'Chingerezi. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Ubongo wosowa wocheza naye umafota msanga.

Chachitatu ndicho kuchedwa kuonana ndi dokotala. Kuthamanga kwa magazi ndi nthenda ya shuga, zikapanda kusamalidwa, zimaononga mitsempha ya mu ubongo. Koma chipatala ku America n'cholipira, ndipo lamulo la 1996 linachititsa alendo ambiri kudikira zaka 5 asanalandire chithandizo china cha Boma. Pamwamba pa izi pali manyazi. Dzina lakale la nthendayi m'chinenero cha ku China limatanthauza uchitsiru, kotero kuti mabanja amabisa wodwala poopa kunyozeka. N'chifukwa chake ku Hong Kong anasankha dzina lina m'chaka cha 2010, zitamveka kuti Charles Kao, amene analandira mphotho ya Nobel mu 2009, anali kudwala nthenda yomweyo.

Chimene chingachitike

Nthenda ikakula, chinenero chimene munthu anaphunzira atakula ndicho chimayamba kuthawa, ndipo amabwerera ku chinenero cha amai ake. Wodwala wotere akagonekedwa kumene anamwino sakumva zonena zake, amaoneka ngati wopenga pamene iye akungopempha madzi. Mabungwe monga Chinese American Service League, limene linayamba ku Chicago mu 1978, amayesa kutseka mpata umenewu posonkhanitsa nkhalamba masana, kuziphunzitsa Chingerezi, ndi kutumiza m'makomo osamala odwala olankhula chinenero chao.

Mwana amene waitana kholo lake kutsidya la nyanja wachita za ulemu, koma chipinda chofunda ndi chakudya sizikwanira. Kholo lifunika anzake oseka nao, ntchito ya manja ake, ndi dokotala womva mau ake nthawi ikalipo.