MUSANAGULE TENTI, YAMBANI MWAIIMIKA NDI MANJA ANU

Wolemba: Mtolankhani Wathu

CAKA ciri conse mabanja ambiri a m'midzi ya m'cigawo ca Kum'mawa amagona kunja kwa nyumba zao kwa masiku angapo. Ena amapita ku Mtenguleni, pafupi ndi Chipata, ku mwambo wa Angoni wa Nc'wala umene umacitika pa Loweruka lomaliza la February, mvula iri pakati. Ena amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete kumapeto kwa August, mphepo ikukuntha, pamene Acewa a muno m'Zambia, a ku Malawi ndi a ku Mozambique amadza ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Palinso misonkhano ya misasa ya machalici, maliro, alimi odikira pa misika ya Food Reserve Agency kuti cimanga cao cipimidwe, asodzi a mu Luangwa, ndiponso iwo amene amacezera m'minda kuingitsa njobvu.

Kale munthu wa paulendo wotere anali kudula mitengo ndi kumweta udzu namanga msasa. Lero pamalo osonkhanira anthu ambiri mitengo ndi udzu sizikwanira, ndipo kwina mafumu amaletsa kudula mitengo mwacisawawa. Ici ndico cifukwa cake matenti, amene ena amawacha mahema, afala m'masitolo ndi m'misika ya salaula. Koma tenti imadya ndalama zimene mlimi anazipeza ndi thukuta la caka cathunthu, motero nkofunika kudziwa cimene mulikugula.

Muyeso wa tenti yosabvuta ndi uwu: munthu mmodzi, kapena mai ndi mwana wake, athe kuiimika okha kuli mdima, mphepo ikuomba, mvula isanawanyowetsere zofunda. Ulendo wa basi kapena wa ngolo sucedwa kufikitsa munthu dzuwa litalowa, ndipo pa nthawi yotero tenti yofuna amuna anai ndi nyali yowala iribe thandizo.

MITUNDU IMENE MUDZAPEZA

Mtundu woyamba ndi uja wakale wa cinsalu cokhuthala ca kanivasi, wokhala ndi mizati iwiri ndi mtanda pamwamba, wooneka ngati denga la nyumba ya malata. Tenti yotere imakhalitsa zaka zambiri, m'kati mwake simutentha kwambiri masana, ndipo ikang'ambika telala wa pamudzi angathe kuisoka. Bvuto lake ndi kulemera, pakuti ya banja limodzi ingafike makilogiramu 20 kapena kuposa. Ndiponso siima yokha. Wina ayenera kugwira mzati pamene anzake alikukoka zingwe ndi kukhoma zikhomo. Apa mpamene mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga umaonekera. Iyi njoyenera mpingo, kalabu ya alimi kapena bungwe la maliro, amene ali ndi anthu ambiri ndi ngolo yonyamulira.

Mtundu waciwiri ndi wozungulira pamwamba monga nkhokwe yofolera, umene pa cikwama cake amalemba kuti dome. Uli ndi ndodo ziwiri zopindika zimene zimapingasana pamwamba, nsonga zake nkulowa m'ngondya zinai za pansi. Ndodozo zikangolowa, tenti imaima yokha ngakhale musanakhome cikhomo ciri conse, kotero kuti mukapeza pansi pali citsa kapena linthumbu mungathe kuinyamula yonse ndi kuisuntha. Ya anthu atatu kapena anai kawirikawiri imalemera makilogiramu 3 kufikira 6, imakwana pa kaliyala ya njinga, ndipo munthu wozolowera amaiimika m'maminiti 10. Kwa banja la kumudzi uwu ndiwo mtundu woyenera kuyamba kuuganizira.

Mtundu wacitatu ndi wodzitambasula wokha. Unachuka kwambiri kuyambira m'caka ca 1955 pamene Bill Moss wa ku America anapanga tenti yochedwa Pop Tent, ndipo unafalanso m'caka ca 2005 pamene kampani ya ku France ya Decathlon inatulutsa ina yochedwa 2 Seconds, imene munthu amangoimasula ndi kuiponya pansi, iyo nkuima. Kufulumira kwake nkosakanika, koma cikomekome ca nkhuyu m'kati muli nyerere. Kuipinda kuti ibwerere m'cikwama kumafuna luso, ndipo ikapindidwa imakhala yozungulira ngati licero lalikulu, yobvuta kumanga panjinga. Waya wake anamsokerera m'nsalu, motero akathyoka kumukonza pamudzi nkobvuta. Zambiri zochipa za mtundu uwu ziri ndi nsalu imodzi cabe, ndipo mvula yamphamvu siziipirira.

Palinso matenti akuluakulu a zipinda ziwiri kapena zitatu. Amakopa maso m'sitolo, koma ali ndi ndodo zambiri zosiyana utali, ndipo imodzi ikasokonekera mumdima nchito yonse imaima.

ZOYANG'ANA PA NDODO NDI ZIKHOMO

Lamulo losabvuta kukumbukira ndi lakuti zipangizo zikacepa, zosokoneza ndi zotayika zimacepanso. Sankhani tenti ya ndodo ziwiri zofanana utali, kapena zitatu ngati ina ndi ya pakhomo. Ngati ndodo zasiyana, onani kuti opanga anaikapo mitundu, yofiira ilowe pofiira, yobiriwira pobiriwira. Tizidutswa ta ndodo iri yonse tikhale tolumikizidwa ndi lasitiki wopita m'kati, kuti tisabalalike mu udzu.

Yang'ananinso m'mene nsalu imagwirira ku ndodo. Matenti ena ali ndi timatumba tatitali momwe ndodo imalowa, ndipo ena ali ndi tingowe tokowetsa. Tingowe ndito tofulumira kwa munthu amene ali yekha. Ngati yanu ndi ya timatumba, ndodo muziikankha polowetsa ndi potulutsa pomwe. Mukaikoka, tizidutswa timalekana m'kati mwa nsalu ndipo lasitiki angaduke.

Ndodo zochipa ndi za fibreglass, zimene zimawazika ngati nsungwi zikapindidwa mopitirira, ndipo tizisonga take timalasa m'manja. Za aluminiyamu nzopepuka ndi zolimba, koma mtengo wake ngwokwera. Funsani ngati m'cikwama muli kacitsulo kamphako kolumikizira ndodo yothyoka. Kakasowa, kapaipi kakafupi komangidwa ndi malegeni kamagwira nchito yomweyo kufikira mutabwerera kumudzi.

Zikhomo zimene zimabwera ndi matenti ambiri ndi tiwaya toonda. Pa nthaka youma gwa ya mwezi wa August timapindika msanga, ndipo mumcenga wa m'mbali mwa mtsinje timazuka. Pitani kwa wosula zitsulo akudulireni zikhomo zolimba, kapena tengani misomali ya mainchesi 6, ndipo pa mcenga semani zikhomo zazitali za mtengo. Musaiwale nyundo.

KODI IDZACHINGA MVULA?

Tenti yoimika msanga koma yodontha ndi kutaya ndalama. Funani ya nsalu ziwiri: ya m'kati yokhala ndi neti, ndi ya kunja yobvindikira mpaka pafupi ndi pansi. Kansalu kakang'ono kokhala pamwamba penipeni ngati cipewa sikathandiza pa mvula yamkuntho. Nsalu ziwiri ziri ndi ubwino winanso. Mpweya umene anthu amapuma usiku umasanduka madontho pa nsalu yozizira, makamaka m'miyezi ya June ndi July, ndipo m'tenti ya nsalu imodzi madonthowo amagwera pa zofunda ngakhale kunja kulibe mvula.

Pa cikwama kapena pa kapepala ka tenti kawirikawiri pamalembedwa nambala yotsatidwa ndi zilembo za mm. Nambalayi imaonetsa kucuruka kwa madzi amene nsalu ingapirire isanayambe kudontha. Ya 1,500 mm imachinga mvula wamba, koma wopita ku Nc'wala kapena wolonda munda m'dzinja afune ya 2,000 kufikira 3,000 mm. Tembenuzani nsalu muone ngati m'misoko anamatamo kalamba koletsa madzi, popeza madzi amayamba kulowera m'mabowo a singano. Nsalu ya pansi ikhale yokhuthala ndi yokwera m'mbali ngati beseni, kuti madzi oyenda pansi asalowe.

Wogula ya kanivasi yatsopano ayambe waiimika pabwalo ndi kuinyowetsa, nkuisiya iume, kawiri kapena katatu. Ulusi ukatupa umatseka timabowo ta m'misoko.

UDZUDZU NDI KUKULA KWAKE

Udzudzu wopatsa malungo umaluma usiku, ndipo pa misasa ya m'cigwa ca Luangwa ngwocuruka. Neti ya pakhomo ndi ya m'mazenera ikhale yopanda bowo, ndipo zipi itseke mpaka kumapeto. Itseguleni ndi kuitseka kangapo muli m'sitolo momwemo, pakuti zipi ndiyo imayamba kufa pa tenti. Mazenera akhale mbali ziwiri kuti mphepo idzipita, cifukwa m'mwezi wa October kutentha kwa m'cigwa kumapitirira madigiri 40.

Nambala ya anthu yolembedwa pa cikwama isakunyengeni. Opanga amawerengera munthu mmodzi malo a masentimita 60 cabe m'lifupi kapena kucepera apo, anthu atagona mothithikana popanda katundu. Ngati muli atatu gulani ya anthu anai, kuti thumba la ufa, mapoto ndi zobvala zipeze malo. Koma musapitirire muyeso, popeza tenti yaitali kwambiri imagwira mphepo ndipo imafuna manja ambiri.

YESANI MUSANALIPIRE

Wogulitsa amene akhulupirira katundu wake sangakane kuti tenti itulutsidwe m'cikwama. Mupempheni aiimike inu mukuona, kenaka muipasule ndi kuiimikanso nokha, iye osakugwirirani. Mukalephera masana pakhonde la sitolo, simudzakhoza usiku ku Mkaika. Werengani ndodo, zikhomo ndi zingwe. Yesaninso kuibweza m'cikwama cake.

Pa salaula cenjerani koposa. Lowani m'kati muyang'ane kumwamba kuli dzuwa, ndipo bowo liri lonse lidzaonekera. Nsalu ikamanunkha nkhungu, ikamamata m'manja, kapena ngati m'kati mwake mukusupuka tinthu tonga mamba, dziwani kuti mankhwala ochinga madzi anatha. Isiyeni ngakhale mtengo utsike.

Mukafika nayo kunyumba, iimikeni kawiri kapena katatu pabwalo pamodzi ndi a m'banja, kamodzi kukhale madzulo. Amai ndi ana okulirapo adziwe nchitoyi, cifukwa si maulendo onse amene abambo amakhalapo.

POIMIKA PAKE

Sankhani malo okwera pang'ono, cotsani minga, miyala ndi zitsa, ndipo pewani pamene pali ciswe, cifukwa cingaboole nsalu ya pansi. Khomo lifulatire kumene mphepo icokera. Kukakhala mphepo, yambani mwakhoma ngondya za mbali imeneyo musanalowetse ndodo, kuti tenti isauluke. Cikhomo cilowe copendekeka, mutu wake utaloza kutali ndi tenti, ndipo zingwe zonse zimangidwe ngakhale kumwamba kuli mbee.

Musaimike m'khwawa kapena pa mcenga wa mtsinje wouma, popeza mvula yogwa kumapiri imatsitsa madzi mwadzidzidzi usiku. Musaimike pansi pa mtengo wautali woima wokha cifukwa ca mphezi, kapena pansi pa mvunguti, umene zipatso zake zolemera zingabvulaze munthu. A kumalambo apewe njira za njobvu ndi za mvuu.

CENJEZO LALIKULU

Musalowetse mbaula m'tenti ngakhale kuzizire motani. Makala oyaka amatulutsa mpweya wa poizoni wochedwa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha. Anthu amangomva mutu ndi tulo, ndipo banja lonse lingafe liri m'tulo. Makala ooneka ngati azima amatulutsabe mpweyawu. Kandulo ndi koloboi nazonso zikhale kunja, pakuti nsalu ya nailoni ndi poliyesitala ikagwira moto imasungunuka ndi kumata pathupi. Gwiritsani nchito toci kapena nyali ya sola, ndipo pophikira pakhale kutali, kumene mphepo siingabweretse mphaliphali za moto pa tenti.

KUISUNGA

Musapinde tenti iri yonyowa ndi kuiiwala. Ngati mwapasula kuli mame kapena mvula, iyanikeni tsiku lomwe mwafika, cifukwa nkhungu imayamba m'masiku owerengeka ndipo imabvunditsa nsalu. Musaicape ndi sopo waufa, amene amacotsa mankhwala ochinga madzi. Kupukuta ndi nsanza yonyowa nkokwanira. Musaisiye padzuwa kwa miyezi, popeza dzuwa limafoola nailoni mpaka kung'ambika ngati pepala. Ipacikeni m'nyumba pamalo ouma, kutali ndi makoswe ndi ciswe, zikhomo ziri m'kathumba kaokha.

Mabanja amene sangathe kugula okha angasonkherane kupyolera m'kalabu kapena mumpingo, nasankha munthu mmodzi wosunga ndi kuwerenga zipangizo pobwereka ndi pobweza. Ndipo amene afuna kukagona ku Mkaika mu August kapena ku Mtenguleni mu February agule nthawi ikalipo, kuti apeze mpata woyesa tenti yao pabwalo tsiku la ulendo lisanafike.