Funso silikugonanso panjira

Kale wophunzira unamwino akatumizidwa kukasula manja ku chipatala chaching'ono cha kumwera kwa Mzimba, kumbali za Luwerezi kapena Khosolo, ankasanduka mwana wamasiye. Aphunzitsi ake ali kutali ku Ekwendeni kapena ku Mzuzu, buku ndi limodzi lothothoka masamba, a sisitala omuyang'anira ali okha ndi amayi odzaza khonde lonse. Funso lobadwa Lolemba linkadikira mphunzitsi, nayenso mphunzitsi ankadikira kuti msewu uume.

Lero bwerani mudzaone! Covid-19 itatseketsa sukulu mu Malichi 2020, maphunziro ambiri adathawira pafoni, m'magulu a WhatsApp. Sukulu zidatsegulidwa, koma magulu a WhatsApp aja sadafe ayi, adachita kunenepa.

Taonani mtsikana wa chaka chachiwiri m'chipinda chochilira. Masana walemba partograph (pepala lolondolera mmene kubereka kukuyendera) ya mayi wina, timitanda take tawoloka mzere wa alert, a sisitala achita zofunika mwachangu popanda mpata womufotokozera. Madzulo waphimba dzina la mayiyo ndi kapepala, wajambula, waponya pagulu. Nsima isanapse, mnzake wa ku Embangweni, pa mishoni ya Loudon yomwe Donald Fraser adakhazikitsa mu 1902, wayankha kale. Wina pa chipatala cha boma ku Mzimba wamutsutsa. Kenaka mawu a mphunzitsi alowa: mzere wa action uli maola 4 kumanja kwa wa alert, ndipo maola amenewo ndi oti amene ali kutali ndi fiyeta aitane ambulansi, osati kukhala pansi kudikira. Mtima wa mwana uzimvedwa mphindi 30 zilizonse, osalumpha.

Chondisangalatsa kwambiri chimachitika m'mawa mwake. Foni ili m'thumba, manja ali pamimba pa mayi, khutu lili pa fetoscope, a sisitala ali pambali kuwongola zala. Zimenezi intaneti singaphunzitse, koma mtsikanayo wafika akudziwa chimene akufunafuna, ndipo akufunsa mopanda mantha.

Bandulo ndi yodula, inde, ndipo netiweki nthawi zina imafuna munthu akwere pachulu. Akukwera ndithu, akuseka! Mpaka a sisitala amene, omwe ankati foni ndi yochedwetsa ntchito, amukoka mtsikana uja pakhonde n'kumupatsa yawo: "Mwana wanga, tandilowetsaniko m'gulu lanulo, nanenso ndili ndi mafunso anga."