Nkhunzi yabwino iyambila m'mimba mwa make

Ife alimi tikaona nkhunzi kapena tonde akukwela zazikazi koma bele osaoneka, timathamangila kunena kuti khola analilodza. Ena timagulitsa zazikazi zosalakwa. Koma nthawi zina vuto linayamba kale, yamphongoyo isanabadwe.

M'macende a nyama yamphongo muli tizigawo ting'onoting'ono tochedwa ma Sertoli cell. Nchito yake ndi kulela ndi kudyetsa mbeu ya umuna, ndipo kalikonse kamalela mbeu zowelengeka cabe. Tizigawo timeneti timaculuka mwana akali m'mimba ndiponso akali wamng'ono. Nyama ikakhwima, kuculukako kumalekeka. Ngati tinacepa poyamba, ngakhale mudzaidyetse gaga wambili itakula, simungationjezele.

Mu 2002 akatswili a ku Uruguay anafalitsa zimene anapeza pa nkhosa. Nkhosa zimene zinadya mopelewela zili ndi bele zinabala ana amphongo okhala ndi tizigawo tocepa m'macende. Mu 2018 ena a ku Australia anaonetsa kuti misoti ya ng'ombe imene inasowa cakudya comanga thupi panthawi yotenga bele inabala nkhunzi zocedwa kukhwima, ndipo mbeu yake inali yosalongosoka.

Tsopano tiganizile za kuno kwathu. Mbuzi ndi nkhosa zimakhala ndi bele miyezi 5, ng'ombe miyezi 9. Ng'ombe yobala m'Disembala imapyola cilimwe conse ili ndi bele, pamene udzu wauma, madambo apsa ndi moto, ndipo madzi ali kutali. Ife timangoiyang'ana ikuwonda, n'kumati idzanenepa mvula ikagwa. Make adzanenepadi, koma mwana wam'mimba uja wadutsa kale nthawi yake.

Mankhwala ake sali m'sitolo. Pokolola tisatenthe mapesi a cimanga ndi masamba a nshawa, tisunge pa thandala pamthunzi. Titole zipatso za msangu, tionjezeko gaga ndi mcele pang'ono. Za bele tizipatule pakudya kuti zamphamvu zisazilande. Tisanenepetsenso mopyola muyeso, maka misoti yaing'ono. Alangizi a ziweto angatiuze muyeso wake.

Pogula nkhunzi, tisayang'ane nyanga ndi linunda cabe. Tifunse mwezi umene inabadwa ndi mmene make anadyela. Nkhunzi imodzi imakwela ng'ombe za mudzi wonse, conco ikafooka, makola ambili amakhala opanda ana. Paja akulu anati m'mela mpoyamba.