Mbalame Zobira M'madzi: Mmene Akatswiri Amadziwira Zochitika Pansi pa Nyanja

Munthu woima pa doko la Nkhata Bay m'mawa, pamene asodzi akukokera mabwato awo pamchenga, salephera kuona mbalame yakuda ya khosi lalitali imene ambiri amaitcha mphipi. Imayandama pang'ono, kenaka imabira mwadzidzidzi, ndipo imakavuukira pena, mwina ili ndi nsomba kukamwa. Ikakhuta imatera pamwala ndi kutambasula mapiko padzuwa, pakuti nthenga zake zimalowa madzi, kusiyana ndi za bakha. Ntchito ya nkhwazi aliyense amaiona, popeza iyo imangokwatula nsomba pamwamba. Koma zimene mphipi imachita kuyambira pobira kufikira povuuka, maso a munthu wa pamtunda sazifika.

Nkhani imeneyi ili ndi mlandu m'kati mwake. M'maiko ambiri asodzi akhala akudandaula kuti mbalame zotere zikuwathera nsomba, ndipo ena apempha maboma awo kuti ziphedwe. Mlandu wotere sungaweruzidwe bwino popanda umboni: kodi mbalameyo imafika pozama bwanji, imasaka kuti, ndipo imagwira nsomba za mtundu wanji? Kupeza umboni umenewu ndiyo ntchito imene akatswiri a sayansi alimbana nayo kwa zaka zoposa 60.

NJIRA YAKALE

Ntchito yofufuza za pansi pa madzi si yachilendo ku Nkhata Bay. M'zaka za 1954 ndi 1955 bungwe la Joint Fisheries Research Organization linali ndi akatswiri ake pamalo pano, a P. B. N. Jackson, a T. D. Iles, a D. Harding ndi a Geoffrey Fryer, amene anafufuza chigawo cha kumpoto cha nyanja. Lipoti lawo linasindikizidwa ku Zomba m'chaka cha 1963. A Fryer anatsata moyo wa tinsomba ta m'miyala, nayang'ana m'mimba mwake kuti adziwe chakudya cha mtundu uliwonse. Ndipo dzina la Chitonga lakuti mbuna linafalikira m'mabuku a dziko lonse kuchokera pa gombe lino.

Njira yomweyo yoyang'ana chakudya inagwiranso ntchito pa mbalame. Mphipi ikadzidzimuka imalavula zimene yameza, ndipo katswiri amazindikira mtundu ndi msinkhu wa nsomba poona timafupa ta m'mutu mwake. Kum'mwera kwa nyanja, kumene mphipi zimaswana mwaunyinji pa chilumba cha Boadzulu, a I. J. Linn ndi a K. L. I. Campbell anayerekeza chakudya cha mbalamezi ndi nsomba zimene asodzi amavuula, nasindikiza zotsatira zake m'chaka cha 1992. Koma mimba imangonena chimene chadyedwa. Sinena malo kapena kuzama kumene chinagwidwa. Zida zoyankha mafunso amenewa zinakonzedwa kutali, ku nyanja zozizira za kum'mwera kwa dziko lapansi.

KACHUBU KA SHUGA NDI WOTCHI

Kumeneko kuli mbalame yotchedwa pengwini, imene siuluka konse. Mapiko ake ndi afupi ndi olimba ngati nkhafi, ndipo imapalasa nawo m'madzi, pamene mphipi imapalasa ndi mapazi. Yaikulu koposa, ya mtundu wa Emperor, imaposa mita imodzi m'litali ndipo imakhala ku Antarctica, dziko la madzi oundana.

Chida chapafupi chimene akatswiri anagwiritsa ntchito ndi kachubu kowonda, kotseka mbali imodzi, kopakidwa shuga wosalala m'kati. Mbalame ikabira nako, madzi amakankha mpweya wa m'kachubumo ndi kusungunula shuga mpaka pamene afika. Pa mamita 10 mpweyawo umapanikizika kufikira theka, kotero kuti malire a shuga wotsala amasonyeza kuzama kumene mbalameyo inafika. Vuto lake ndi lakuti kachubuko kamangokumbukira ulendo umodzi wozama koposa.

M'zaka za m'ma 1960 a Gerald Kooyman a ku America, akugwira ntchito ku McMurdo Sound, anapanga chida cholemba kuzama pamodzi ndi nthawi, chimene chinkayendera wotchi wamba ya kukhitchini. Anayamba kuchimangirira pa nyama za m'nyanja zooneka ngati akatumbu aakulu. Pambuyo pake anatembenukira ku mbalame, ndipo m'chaka cha 1971 iwo ndi anzawo analengeza kuti pengwini ya Emperor inafika mamita 265, chinthu chimene chinadabwitsa ambiri.

Masiku ano zida zake n'zazing'ono ngati chala, ndipo amazimata pa nthenga za pamsana. Zimalemba kuzama pa sekondi iliyonse, kuzizira kwa madzi, kugwedezeka kwa thupi, ndiponso malo amene mbalame yavuukira. Ndi zida zotere kwapezeka pengwini imene inafika mamita 564, ndi ina imene inakhala pansi mphindi zoposa 30 osapuma. Kuti awerengi aone kukula kwa chiwerengerochi, akumbukire kuti Nyanja ya Malawi, pamene yazama koposa chakumpoto, ili pafupi mamita 700, ndi kuti kupitirira mamita 250 madzi ake alibe mpweya wokwanira nsomba. Pa ulendo wautali mtima wa pengwini umachepetsa liwiro kufikira kugunda kosakwana ka 10 pa mphindi, kuti mpweya wa m'magazi usathe msanga.

M'chaka cha 2013 a Yuuki Watanabe ndi a Akinori Takahashi a ku Japan anaonjeza pamenepo. Anaika kamera yaing'ono pamsana pa pengwini za mtundu wa Adélie, ndi kachida kena pamutu. Poyerekeza zithunzi ndi kugwedezeka kwa mutu, anatha kuwerenga nthawi iliyonse imene mbalame inatsompha chakudya, ngakhale kamera itazima.

CHIDA CHIKALEMERA

Akatswiri aphunziranso kuti kuyesa kungathe kuononga choyesedwacho. A Rory Wilson ndi anzawo, pofufuza pengwini za ku South Africa, anasonyeza m'chaka cha 1986 kuti chida chachikulu chimachedwetsa mbalame posambira, kotero kuti zolembedwazo sizikhalanso za mbalame yaufulu. M'chaka cha 2011 a Claire Saraux ndi anzawo a ku France, atatsata pengwini za mtundu wa King kwa zaka 10 pa zilumba za Crozet, anapeza kuti zovekedwa mphete yachitsulo paphiko zinalera anapiye ochepa ndi 39 pa 100 alionse poyerekeza ndi zopanda mphete. Chifukwa chake zida zimapangidwa zopepuka ndi zosalala, ndipo zimachotsedwa msanga.

MLANDU UNAFIKA KU BWALO

Phindu la ntchito yonseyi linaoneka poyera ku South Africa. Pengwini za kumeneko zimadya tinsomba toyenda m'magulu, tofanana ndi usipa, timene zombo za asodzi nazo zimatifuna. Mbalamezi zinachepa kwambiri, ndipo m'chaka cha 2024 bungwe la IUCN linaziika m'gulu la zolengedwa zotsala pang'ono kutheratu. Mabungwe a BirdLife South Africa ndi SANCCOB anatengera Boma ku bwalo la milandu, ndipo m'mwezi wa March 2025 bwalo lalikulu la ku Pretoria linavomereza pangano loletsa zombozo kugwira tinsombato mozungulira malo 6 oswaniramo kwa zaka 10. Pokambirana malire a malowo, mapu ochokera ku zida za pamsana pa mbalame ndiwo anasonyeza kumene zimakasaka.

Ku Nkhata Bay nyali za asodzi a usipa zimayaka usiku panyanja yomweyo imene mphipi zimabiramo usana, ndipo mabanja ambiri amadalira zimene chilimira chavuula. Tsiku limene pangabuke mkangano wakuti nsomba zatha chifukwa cha yani, oweruza adzafuna miyeso, ndipo njira zoipezera zilipo kale, kuyambira pa ntchito ya a Fryer m'miyala ya pagombe lino kufikira pa kamera za ku Antarctica. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphipi nayo siulula za pansi pa madzi kwa munthu wothamanga.