Nyumba Yakale Ndi Sukulu ya Amisiri Atsopano

M'komboni ya Kabanana, kumpoto kwa mzinda wa Lusaka, nyumba siitha kumangidwa m'caka cimodzi. Banja limayamba ndi zipinda ziwiri, ndipo ndalama zikapezeka limaonjezapo cacitatu. Pambuyo pake cipinda ca kumseu cimasanduka kantemba kapena sukulu ya ana aang'ono. Nzeru imeneyi, yokonza cimene cilipo m'malo mogwetsa, ndi imene acinyamata ophunzira kulemba mapulani a nyumba ayenera kuigwiritsa.

Boma linaiyesa kale njirayi. M'caka ca 1974 linakhazikitsa lamulo lovomereza makomboni, ndipo okhalamo anayamba kulandira zikalata za zaka 30. Ndi ngongole ya World Bank, Khonsolo ya Lusaka inakonza George, Chawama, Chaisa ndi Chipata. Nyumba zambiri zinasiyidwa ciimire. Analambula miseu, anaika mipopi ya madzi, nakongoza anthu zipangizo zomangira. Amene nyumba zao zinali podutsa mseu anapatsidwa malo ena capafupi. Kalingalinga inatsatira m'zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la dziko la West Germany.

Ubwino wake ngwoonekeratu. Popanga simenti, monga acitira ku Chilanga, amaocha miyala ya laimu pa moto waukulu, ndipo mpweya woturukapo umaonjezera kutentha kwa dziko ndi kusokoneza mvula imene alimi amadalira. Wogwetsa cipupa colimba amataya simenti yogulidwa kale, nakagula ina.

Tsono wophunzira wa pa Copperbelt University ku Kitwe, imene inakhazikitsidwa mu 1987, asazolowere kulemba pa pepala loyera cabe. Apite ku komboni akayese maziko, akaone ming'alu ndi malata odontha, akafunse eni nyumba kumene madzi amalowera m'dzinja. Akadziwenso kuti si nyumba iriyonse yoyenera kusungidwa: ku Kanyama, kumene madzi a mvula amandama, kupaka laimu kokha sikungateteze banja ku kolera.

Nafenso kumudzi tiri nazo nyumba zotere: sitolo yotsekedwa, nyumba ya aphunzitsi yosasuka denga. Tisanazigumule, tiitane mmisiri aziyang'ane, pakuti zina zingakhale kalasi kapena mosungira cimanga. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.