Magazi m'mphuno: si ufiti iyayi

Mu basi yocoka ku Chawama, mtsikana wina anayamba kucoka magazi m'mphuno. Amai ena pambuyo ati, "Amulowa uyu mwana!"

Iyayi amai. Mkati mwa mphuno muli timitsempha tung'ono tosacedwa kung'ambika. Kupya kwa Okutoba na fumbi ya mu komboni vimaumitsa mphuno. Cimfine, kutokosa na cala na kumwa aspirin vimaonjezela. Kwa akulu, BP ikakwela magazi amavuta kuleka.

Vikakucitikila, osapenya kumwamba, uzameza magazi. Nkhala pansi, welamila kutsogolo, finya mphuno kwa mphindi 10. Akapitilila mphindi 20, olo akamabwela kawili-kawili, pita ku kiliniki akakupime BP na magazi.