Amisiri Oitanira Achinyamata Kumphika

Buku la zophikaphika limatchuka ndi dzina la wophika, koma tsamba limene wachinyamata amatsegula njala itamugwira limakonzedwa ndi anthu ena. Mayina awo amalembedwa m'zilembo zing'onozing'ono kumapeto kwa buku. Pali wojambula ndi kamera, wojambula pamanja, woyala chakudya m'mbale kuti chikome m'maso, ndi woyesa malangizo, amene amaphika ndiwo imodzimodziyo mobwerezabwereza mpaka muyezo utakhazikika. Wolumikiza onsewa ndi graphic designer. Iyeyu ndiye amagamula kuti chithunzi chikhale apa, mawu apo, ndipo diso liyambire pati.

Ine ndimaona kuti ntchito yaikulu ya mmisiri ameneyu ndi kuchotsa mantha. Mnyamata kapena mtsikana amene wangoyamba kukhala payekha sathawa mphika chifukwa cha ulesi wokha. Amaopa kupsereza ndiwo zimene wagula ndi ndalama yake yomaliza. Akaona tsamba lothithikana ndi mawu, amalitseka n'kukagula tchipisi. N'chifukwa chake mmisiri wabwino amavutika ndi tinthu tooneka tachabe: zilembo ziwerengeke munthu ataima patali manja ali ndi mafuta, sitepe iliyonse ikhale ndi nambala yake, malangizo asadumphire kuseri kwa tsamba anyezi ali pamoto. Ngakhale mndandanda wa zofunika, umene lero timangouzolowera, unachita kuyambitsidwa. Eliza Acton wa ku England, m'buku lake la 1845, anali mmodzi mwa oyamba kulemba zofunikazo pazokha, kuchuluka kwake ndi nthawi yophikira.

Len Deighton ambiri amamudziwa ndi nkhani za akazitape, koma anaphunzira luso lojambula ku Royal College of Art ku London. Posafuna kudetsa mabuku ake kukhitchini, ankajambula malangizo pamapepala n'kuwamata pakhoma. Kuyambira 1962 mpaka 1966 nyuzipepala ya The Observer inkasindikiza zojambulazo ngati makatuni: timabokosi tochepa, mpeni apa, poto apo, mawu owerengeka. Mu 1965 zinasonkhanitsidwa m'buku la Action Cook Book, lokopa amuna achinyamata amene sankayandikira n'komwe chitofu.

Chimene chimandigometsa kwambiri chinachitika ku Canada mu 2017, pamene kampani ya IKEA ndi akatswiri otsatsa malonda a Leo Burnett ku Toronto anatulutsa mapepala otchedwa Cook This Page. Linali pepala losapsa mu uvuni, losindikizidwa ndi inki yosaononga chakudya. Papepalapo anajambula chofunika chilichonse pa kukula kwake kwenikweni. Nsomba umaigoneka pa chithunzi cha nsomba, mchere umathira mpaka malo ake atadzaza, tizidutswa ta mandimu umatiika pamene tajambulidwa. Ukatha, umakulunga pepala lomwelo n'kuika mu uvuni. Sikelo siifunika, ndipo palibe chophonya. Inde, cholinga chinali kugulitsa katundu wa kampaniyo, koma amene anaganiza zimenezi ankamumvetsa munthu wosadziwa kuphika.

Ena mwa amisiriwa anasamukira pafoni. Makanema a Tasty, amene BuzzFeed inayambitsa mu 2015, amaonetsa manja ndi mbale zokha, kamera ili pamwamba, mawu atalembedwa pachithunzi poti ambiri pa Facebook amaonera osatsegula mawu.

Ntchitoyi ili ndi chilema chake. Chithunzi chosalala mopitirira, cha chakudya chimene akatswiri achiyala kwa maola ambiri, chimagwetsa ulesi wophunzira, chifukwa chake chikapsa sichifanana nacho ndipo amadziona wolephera. Pofuna kupewa zimenezi, wophika Samin Nosrat anakana zithunzi za kamera m'buku lake la Salt, Fat, Acid, Heat la 2017, n'kuitana Wendy MacNaughton kuti ajambule pamanja. Mizere yokhotakhota ija imamasula wowerenga kuti aphike osadziyerekeza ndi wina.

Kuno ku Malawi tili ndi chithunzi cha magulu asanu ndi limodzi a zakudya chimene chimapachikidwa m'zipatala ndi kusikelo ya ana. Chimatiuza zoyenera kudya, koma sichiuza wophunzira wa kukoleji kuti nkhwani wotendera amathira nsinjiro nthawi yanji. Amisiri athu a m'matauni amadyera kwambiri makadi a ukwati, zikwangwani za misonkhano ndi zotsatsa za oimba. Amene angafune kujambula kaphikidwe kathu akumana ndi vuto limene Deighton analibe: futali, chigumu ndi thelere nthawi zambiri sizilembedwa m'magalamu, amayi amayeza ndi maso ndi dzanja. Ayenera kukhala pansi pafupi ndi mafuwa, kope lili pamwendo, n'kumaimitsa wophikayo nthawi iliyonse akatapa ufa kuti auyeze kaye m'kapu asanathire mumphika.